Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Za Kujambula Tizirombo m'Maikulosikopu

Madzulo ano tikambirana za cinthu cacing'ono kopambana, cimene maso sangacione ndipo dzanja silingacimve, koma cikhoza kusoceretsa dotolo ndi kucedwetsa mankhwala a mwana wodwala. Cinthuco ndico kunjenjemera kwa tebulo.

Ambiri a inu munalasidwapo cala ku cipatala. Munaona woyeza magazi alikupaka kadontho ka magazi anu pa kagalasi, nakaumitsa, nakathira mankhwala a mtundu, nakaika pansi pa makina aja osuzumiramo amene amawacha maikulosikopu. Masiku ano woyezayo sangoona yekha ai. Akhoza kuika kamera kapena foni paja aika diso, najambula zimene aona, natumiza cithunzico kwa dotolo wamkulu amene ali kutali. Koma pamenepa pamabuka bvuto lodabwitsa: ndi diso munthu aona bwinobwino, koma cithunzi cituluka cacimbuuzi ngati phiri la m'nkhungu. Wina aneneza kamera, wina aneneza magalasi, nafuna kugula zatsopano. Kawirikawiri mlandu suli pamenepo. Tiyeni tiufunefune pamene uli.

Kucepa kwace kwa tizirombo

Tengani rula ya mwana wa sukulu, muyang'ane timizere tace tating'ono toyandikana kwambiri. Mpata wa pakati pa timizere tiwiri ndiwo milimita imodzi. Tsono m'magazi mwathu muli tinthu tofiira tobulungira, timene madotolo amaticha maselo ofiira. Mukadatindandika monga mikanda pa ulusi, mukadafuna pafupifupi 130 kuti mudzaze milimita imodzi yokhayo. Kacirombo ka malungo, pamene kali kanthete, kakhala m'kati mwa selo limodzi, ndipo kaoneka ngati kamphete kosafika ndi theka lomwe la selolo. Kacirombo ka cifuwa cacikulu kali ngati kamtengo koonda. Utali wace ndi magawo 2 kufikira 4 mwa magawo 1,000 a milimita imodzi.

Kuti tinthu totere tioneke, maikulosikopu ayenera kutikuza ka 1,000. Ganizani bwino za kukuza kumeneku. Njere ya cimanga itakuzidwa ka 1,000 ingatalike mamita 10, pafupifupi ngati basi yaikulu ya pa mseu wa ku Lusaka. Koma paja akulu anati, walira mvula walira matope. Galasi limene likuza kacirombo ka 1,000 likuzanso kugwedezeka kuli konse ka 1,000. Kagalasi ka magazi kakasuntha gawo limodzi lokha mwa magawo 1,000 a milimita, kusuntha kumene palibe cala cingakumve, pa cithunzi kasuntha milimita yathunthu. Ndipo popeza kacirombo ka cifuwa kaja nkoonda kuposa pamenepo, kamangofafanizika monga inki yogwera madzi.

Cithunzi ndi mboni

Wina angafunse kuti, nanga cithunzico n'caciani, popeza woyeza ali nao maso ace? Funso limeneli linayankhidwa kale ndi Robert Koch, dotolo wa ku Germany. Masiku amakedzana anthu oona tizirombo anali kutilemba ndi dzanja pa pepala, ndipo mikangano sinathe, pakuti munthu amalemba zimene aganiza kuti waona. M'caka ca 1877 Koch, ali dotolo wa m'kamzinda kochedwa Wollstein, anasindikiza zithunzi zoyamba za tizirombo tija amaticha mabakiteriya, kuti ali yense adzionere yekha nadziweruzire. Nyali za nthawi imeneyo zinali zofooka, cotero iye anajambulira kuwala kwa dzuwa, kumene anakulowetsa m'nyumba ndi kalirole wotembenuka ndi makina onga a koloko.

Koch yemweyo ndiye analengeza ku Berlin, pa 24 March 1882, kuti wapeza kacirombo ka cifuwa cacikulu, nthenda imene inu a ku migodi muidziwa bwino, popeza pfumbi la miyala limafooketsa mapapo ndi kuitsegulira khomo. Ndiponso m'caka ca 1903 anadza ku Bulawayo kudzafufuza nthenda imene inali kupulula ng'ombe, yomwe ife tiicha cigodola, yofalitsidwa ndi nkhupakupa za m'makutu. Kufikira lero tizirombo ta cigodola, monga tioneka m'madzi otengedwa m'mwanabere wotupa wa ng'ombe, timachedwa ndi dzina la Koch pakati pa madotolo a ziweto. Ndipo inu a ku Katete dziwani kuti mtundu wa kacirombo umene anapangira katemera wa ana a ng'ombe m'cigawo ca kum'mawa unapatsidwa dzina la kwanu, ndiwo Katete.

Nchito ya maikulosikopu kwathu kuno njoculuka. Ku Katete kuli cipatala cacikulu ca St Francis, cimene anaciyamba Francis Trefusis, wansembe amene analinso dotolo, m'caka ca 1948. M'midzi ya Katete ndi Sinda akatswiri a pa University of Zambia pamodzi ndi anzao a ku Belgium anafufuza za njoka ya m'mimba yocokera ku nyama ya nkhumba, imene mazira ace akalowa m'thupi mwa munthu akhoza kudzetsa khunyu. Mazirawo aoneka m'maikulosikopu. Mazira a likodzo aoneka m'mkodzo. Inde, masiku ano kuli timapepala toyezera malungo msanga, kulinso makina ochedwa GeneXpert oyezera makhololo, amene a World Health Organization anawabvomereza m'caka ca 2010. Koma pofuna kuwerenga kuculuka kwa tizirombo ta malungo m'magazi, kapena kuona ngati mankhwala a cifuwa alikugwira nchito, anthu abwerera kwa maikulosikopu.

Tsono taganizani za woyeza amene ali ku Vubwi, boma limene linakhala paokha m'caka ca 2012 monga Sinda, ku malire a Malawi ndi Mozambique. Iye waona kanthu kokaikitsa pa kagalasi, ndipo palibe mnzace wa nchito yomweyo woti amfunse. Kodi ndi kacirombo, kapena ndi kacitsotso ka mankhwala a mtundu aja? Cithunzi cabwino cifika kwa katswiri m'kamphindi, pamene wodwala akadataya ndalama ndi tsiku lathunthu pa ulendo. Koma cithunzi cacimbuuzi ciri ngati mboni imene inaona mlandu usiku wa mdima. Cikhoza kubisa kacirombo kamene kalipo, cikhozanso kusandutsa citsotso kukhala kacirombo. Njira zonse ziwiri wopwetekedwa ndi wodwala.

Diso likhululuka, kamera sikhululuka

Nanga n'cifukwa ninji diso liona bwino pamene kamera ilephera? Diso lathu ligwira nchito pamodzi ndi bongo. Cinthu cikagwedezeka pang'ono, diso licitsata, ndipo bongo usankha zooneka bwino nutaya zinazo. Kamera iribe nzeru zotere. M'kati mwace muli kacitseko kamene katseguka ndi kutsekeka, ndipo zonse zocitika kali cotsegukira ziunjikana pa cithunzi cimodzi. Munaona mwana alikuzunguza cikuni camoto usiku: moto uli pa nsonga pokha, koma inu muona mkombero wathunthu. Ndimo kamera ionera kacirombo konjenjemera. Coipa cina n'cakuti pokuza ka 1,000 kuwala kumacepa, motero kacitseko kayenera kukhala kotseguka nthawi yaitali, ndipo kunjenjemera kupeza mpata wokwanira wocita zace.

Pali cinthu cina coyenera kucimvetsa. Anthu awiri okhala m'bwato limodzi aonana bwino ngakhale mafunde aligwedeze, cifukwa akwera ndi kutsika pamodzi. Koma wina akakhala m'bwato, mnzace pa gombe, ndiye nkhope zisokonezeka. Maikulosikopu akadakhala mwala umodzi, kugwedezeka sikukadabvuta, pakuti kagalasi ka magazi, magalasi okuza ndi kamera zikadayenda pamodzi. Koma makinawa ali ndi tsinde, khosi lopindika, mbale yoikapo kagalasi, ndi mfundo zambiri. Kunjenjemera kukafika, mbali iri yonse ibvina gule wacewace, monga mabango pa mphepo. Ndipo mukasenzetsa khosilo kamera yolemera, guleyo akula.

Kunjenjemera kucokera kuti?

Kucokera ku mbali zitatu: pansi, makina, ndi munthu mwini.

Za pansi inu a ku migodi simufuna mphunzitsi. Akaphulitsa miyala m'mgodi, makapu alira m'nyumba za kumtunda, cifukwa nthaka ndi thanthwe zinyamula kugunda kufika kutali. Amene munapitako ku Kulamba ku Mkaika, mwezi wa August, mudziwa kuti ng'oma zikakolera munthu azimva m'cifuwa, osati m'makutu mokha. Momwemonso mseu waukulu wa Great East Road upyola pa Sinda ndi pa Katete, ndipo pa Katete papatuka mseu wa ku Chanida, ku malire a Mozambique. Malole olemera oyenda m'miseu imeneyi atumiza kugunda kwao m'nthaka kufikira m'maziko a nyumba zoyandikana nayo. Onjezanipo cigayo, injini ya magetsi, pampu ya madzi, citseko comenyetsedwa, ndi mapazi a munthu woyenda pa matabwa.

Zaciwiri ndi makina okhala pa tebulo limodzi ndi maikulosikopu kapena pafupi nao: makina ozunguza magazi, firiji, ndi cokupizira mphepo. Ngakhale kamera yeniyeniyo iri ndi mlandu. M'makamera ena akuluakulu muli kalirole amene alumpha m'mwamba pa nthawi yojambula, pambuyo pace kacitseko kagunda. Phokoso lija mulimva lakuti khethe! ndiko kugunda kumene kutsikira m'khosi la maikulosikopu pa nthawi yoipitsitsa, cithunzi ciri pakati pa kujambulidwa.

Wacitatu ndi munthu. Palibe dzanja limene likhala du, lingakhale la mnyamata wamphamvu wosamwa mowa. Mtima ugunda, cifuwa cikwera ndi kutsika, ndipo zonsezi zifika ku nsonga za zala. Cigongono cotsamira pa tebulo, bondo lokhudza mwendo wa tebulo, cala cokanikiza batani, zonse zisiya cizindikiro cao pa cithunzi.

Mbale ya madzi iulula zobisika

Musanayambe kukonza kanthu, yambani mwaona mdani wanu. Thirani madzi pang'ono m'mbale yosazama, muiike pa tebulo pamene pakhala maikulosikopu. Imani poti muone nyali kapena zenera m'madzimo monga m'kalirole. Ngati tebulo liri cete, cithunzi ca nyali cikhala cete. Ngati linjenjemera, cithunzico cibvina. Tsono uzani mnzanu ayende m'cipindamo, atseke citseko, ayatse makina ali onse limodzi limodzi. Dikirani lole ipite pa mseu, dikirani cigayo cilire. Mudzazizwa poona kuti cinthu cimene simunaciganizire ndico cibvinitsa madzi koposa. Nyamulani mbale yomweyo muiyese m'ngodya zonse za cipinda, ndipo pamene madzi akhala bata koposa ndipo pamalo pa maikulosikopu.

Coyamba: malo olimba

Pansi pa simenti yothiridwa pa nthaka peniyeni ndipo pabwino koposa. Pansi pa matabwa ndi m'zipinda zosanja pamwamba mpobvuta, ndipo pamenepo pafupi ndi cipupa kapena m'ngodya mpolimba kuposa pakati pa cipinda. Tebulo likhale lolemera, la miyendo yaifupi ndi yonenepa, losatsimphina. Loposa onse ndi lomanga ndi njerwa, lothira konkire pamwamba. Tebulo lopepuka la miyendo yoonda ya citsulo liri ngati cikopa ca ng'oma, limene lilandira kugunda kuli konse ndi kukukuza.

Maikulosikopu akhale ndi tebulo laolao. Makina ozunguza magazi apite pa tebulo lina losakhudzana nalo, firiji ikhale patali. Yang'aninso mawaya: waya wokokeka kwambiri pakati pa cipupa ndi makina anyamula kunjenjemera monga ulusi wa kangaude uuza mwini wace kuti nchenche yakodwa. Msiyeni waya akhale wolendewera. Potsiriza mangani mfundo zonse za maikulosikopu zimene zakhwepa, ndipo onani kuti kagalasi kapanidwa bwino pa mbale yace.

Caciwiri: colemera pamwamba, cofewa pansi

Kuli malo ena kumene cigayo kapena mseu ziri pafupi, ndipo simungazisamutse. Pamenepo cofunika ndi kudula njira imene kugunda kudzera pocoka pansi. M'nyumba zazikulu zofufuzira nzeru agula matebulo a mtengo wapatali oyandama pa mpweya. Koma nzeru yace ya matebulowo yense wa inu aidziwa. Munakwerapo lole yopanda katundu pa mseu wa dothi wa makwinya? Mano agundana, msana uwawa. Koma lole yomweyo ikasenza matumba a cimanga iyenda mofatsa. Mseu sunasinthe ai; cimene casintha ndi kulemera kokhala pamwamba pa masipiring'i. Cinthu colemera cokhala pa cinthu cofewa sicifulumira kutsata kugunda kwa pafupipafupi. Cofewaco cimapindika ndi kuongoka, colemeraco ciri phee.

Tsono citani cotere. Tengani chubu ca wilibala kapena ca njinga yaing'ono, mucipope pang'ono pokha, mucigoneke pa tebulo. Pamwamba pace sanjikani mwala wathyathyathya kapena konkire youmba ngati mphero yaikulu, yolemera kuposa maikulosikopu. Pamwamba pa mwalawo ikani makina anu. Cherani khutu apa: mukapopa chubu mpaka kulimba gwa, mwaononga nchito yonse, pakuti cinthu colimba cipititsa kugunda monga thabwa. Ndiponso mukaika maikulosikopu okha pa chubu popanda mwala, adzangodumphadumpha monga lole yopanda katundu ija. Ziwirizi ziyendera pamodzi, kufewa ndi kulemera. Onetsetsani kuti mwala wakhala mosapendekeka ndi kuti sukhudza tebulo pena pali ponse, ndipo khomerani timatabwa m'mbali, mosaukhudza, kuti makina a mtengo wapatali angagwe.

Wosowa chubu akhoza kuika mipira ya tenesi pansi pa mwala, kapena mphira wofewa wocindikala. Ena adzaza bokosi ndi mcenga wouma nakhazika mwala pamwamba, popeza mcenga umeza kugunda, monga mudziwa kuti mwala wogwa pa mcenga sudumpha. Koma mcengawo uphimbidwe bwino, cifukwa pfumbi ndi mdani wa magalasi. Njira iri yonse mwasankha, bwezerani mbale ya madzi ija pamwamba pa mwala, ikuuzeni ngati mwapindula. Dziwaninso kuti cinthu cokhala pa chubu cimayendayenda pang'ono mukacikhudza, motero muyenera kucipatsa nthawi kuti cikhazikike.

Cacitatu: cotsani manja

Kugwira foni m'manja pamwamba pa maikulosikopu ndi kuyesa mwai cabe. Foni ifuna cogwirira comangika pa diso la makinawo, ndipo mmisiri wa matabwa kapena wa zitsulo akhoza kucipanga. Popeza foni njopepuka ndipo iribe kalirole wolumpha, kuimangirira pa makina kulibe cobvuta. Koma kamera yaikulu yolemera, ya kacitseko kogunda, ndi bwino kuipatsa mwendo wacewace, iime pamwamba pa maikulosikopu osawakhudza. Kampata kotsala pakati mukachinge ndi pepala lakuda lopinda ngati khosi la malaya, kuti kuwala kwa m'cipinda kungalowe. Potero kugunda kwa kamera kuthera m'mwendo wace.

Musakanikize batani ndi cala. Pafupifupi kamera ndi foni iri yonse iri ndi koloko yodikira, imene pa foni ambiri ilembedwa kuti Timer. Ikani masekondi 3, kapena 10 ngati makina ali pa chubu. Kanikizani, cotsani manja, cotsani zigongono ndi maondo pa tebulo, khalani cete kufikira yajambula. Mafoni ambiri ajambulanso mukakanikiza batani lokwezera mau la pa waya wa zomvera m'makutu, ndipo pamenepo simukhudza foni konse. Ngati kamera yanu iri ndi njira yokwezeratu kalirole, kapena yojambula mwakacetecete popanda kacitseko kogunda, monga ziri m'makamera ambiri atsopano, njira imeneyo ndiyo yanu.

Kumbukiraninso kuti pokuza ka 1,000 pamakhala kadontho ka mafuta pakati pa galasi lokuza ndi kagalasi ka magazi. Mukapotokola kagudumu koongolera, zinthu sizikhazikika nthawi yomweyo. Ongolani, lekani, werengani kufikira 5, yang'ananinso, ndipo pamenepo jambulani.

Cacinai: kuwala ndi nthawi

Tanena kuti kunjenjemera kucita zace pamene kacitseko kali kotseguka. Cotero mukafupikitsa nthawiyo mwakumana mpata. Cithunzi cojambulidwa m'gawo limodzi mwa magawo 250 a sekondi cioneka bwino kuposa cojambulidwa m'kotala la sekondi. Koma kufupikitsa nthawi kufuna kuwala kwambiri. Pukutani magalasi ndi pepala lace lofewa, kwezani nyali, ndipo ongolani galasi lija la pansi pa mbale losonkhanitsa kuwala. Njira yoongolera kuwala imene aphunzitsa oyeza magazi kufikira lero anailongosola August Köhler wa ku Germany m'caka ca 1893, ndipo iye anaipeza pofuna cinthu comweci, zithunzi zabwino za m'maikulosikopu. Amene ali ndi nyali yong'anima ngati mphezi, ija ya ojambula zithunzi, ali ndi cida cabwino koposa, pakuti kung'anima kwace kutha m'gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kapena msanga kuposa apo.

Pali njira ina ya akale yooneka ngati yotsutsana ndi imeneyi, koma njanzeru ndithu. Ngati cobvuta ndi kugunda kwa kacitseko ka kamera, ndipo cinthu cojambulidwa ncouma cosayenda, monga magazi opaka pa kagalasi, cepetsani nyali, mutalikitse nthawi kufikira masekondi angapo. Kugunda kwa kacitseko kutha msanga, ndipo nthawi yonse yotsala makina ali cete, motero cithunzi ca nthawi ya bata ciposa ca nthawi ya kugunda. Akale anali kuchinga nyali ndi kapepala kakuda kogwira m'manja, natsegula kamera, nadikira kuti zonse zikhale bata, nacotsa kapepala osakhudza makina, nakabwezanso nthawi itakwana. Nthawi zoopsa ndi zapakati, zosafupika kwenikweni ndi zosatalika kwenikweni, cifukwa pamenepo cithunzi conse cijambulidwa makina ali cinjenjemerere. Koma njira ya akaleyi ifuna tebulo labata. Pafupi ndi cigayo colira siithandiza.

Nthawi ya tsiku nayonso ithandiza. Ngati cithunzi sicifunika msangamsanga, monga ca kuphunzitsira ana a sukulu ya zacipatala, dikirani cigayo cizime ndi anthu acepe m'cipinda. Ndipo popeza makamera a lero safuna filimu yogula, jambulani ka 5 kapena ka 10, musankhe coposa zinzace.

Cithunzi coipa cinena cokha mlandu wace

Si cimbuuzi conse cicokera ku kunjenjemera, ndipo munthu wocenjera awerenga cithunzi monga mlenje awerenga mapazi a nyama. Ngati tinthu tonse taoneka tokokeka kuloza mbali imodzi, kapena kali konse kaoneka kawiri, ndiko kugwedezeka. Ngati tinthu tafufuma mofanana mbali zonse, ngati thonje, makina sanaongoledwe bwino, kapena galasi liri ndi mafuta ouma ndi litsiro. Ngati mbali imodzi ya cithunzi ioneka bwino, ina ai, foni kapena kagalasi kapendekeka.

Ngati zonse ziri bwino koma kanthu kamodzi kokha ndiko kacimbuuzi, ndiye kuti kanthuko kanayenda kokha. Zimenezi zicitika poyang'ana zinthu za m'madzi, monga mkodzo kapena cimbudzi cosungunula. Tamoyo tisambira, madzi ayenda pamene alikuuma m'mphepete, ndipo ngakhale tinthu takufa tating'onoting'ono tibvinabvina m'madzi kosalekeza, monga anaona Robert Brown wa ku Scotland m'caka ca 1827. Gule ameneyu palibe mwala kapena chubu cingamletse. Mankhwala ace ndi kuwala kwambiri ndi nthawi yaifupi basi.

Mau otsiriza

Mwaona tsono, anzanga, kuti zinthu zofunika pa nchito imeneyi ziri pafupi: njerwa, mwala, chubu cakale, mbale ya madzi, ndi kudziletsa kwa masekondi owerengeka. Inu amisiri omanga ndi opala matabwa, mukaitanidwa kukakonza cipinda coyezera magazi kwanu, kumbukirani kuti tebulo la njerwa lomangidwa kutali ndi injini ndi mphatso yaikulu kwa odwala. Inu a m'makomiti a midzi, pamene musankha malo a cigayo, yang'anani kumene kuli cipatala. Inu anyamata ndi atsikana ophunzira nchito yoyeza, musafulumire kunyoza makina akale musanayese tebulo limene akhalapo. Ndipo ife tonse odikira pa benchi kunja, tikaona woyeza wakhala du, manja ali m'cifuwa ngati wosagwira nchito, tisamng'ung'udzire kapena kugogoda pa citseko; nthawi imeneyo ndiyo alikugwira nchito yeniyeni. Nkhono ukaikhudza ibweza maso ace m'kati, ndipo ndico cifukwa cace makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha.